Nyali ya njinga yamoto pa lathe yanga

Ntchito yosema zitsulo imachitikira pa malo aang'ono kwambiri. Makina akhoza kukhala otalika mamita awiri, olemera moti amuna asanu sangawasunthe, koma ntchito yeniyeni ili pa kansonga ka mpeni pamene kakudya chitsulo, malo osaposa njere ya mpunga. Maso a mmisiri amakhala pamenepo tsiku lonse. Pamalopo pakakhala mdima, zilibe kanthu kuti chipinda chonse chikuwala bwanji.

Ndili ndi zaka 57. Ntchitoyi ndinaiphunzira ndili mnyamata pa fakitale ina ku Makata mumzinda wa Blantyre, ndipo nditachoka kumeneko ndinagula lathe yakale, makina oboolera ndi girayinda, n'kuziika m'kachipinda ka njerwa kuseri kwa nyumba yathu ku Bangwe. Amene amandipeza ndi eni zigayo pamene shafuti yadyeka kapena pule yayamba kugwedera, okonza njinga zamoto, ndi ena ofuna bawuti ya ulusi wachilendo imene m'masitolo mulibe. Kachipindaka ndi kamene kaphunzitsa ana athu onse anayi.

Vuto linabwera mwakachetechete ngati imvi. Timizere ta pa vernier, chida chimene timayezera kukula kwa chitsulo, tinayamba kuphatikana. Vernier yanga imawerenga mpaka 0.02 ya milimita, ndipo kuti uwerenge umayenera kupeza kamzere kamodzi, pakati pa timizere 50, kamene kalunjikana ndendende ndi kanzake. Ndinkati ndikayeza, ndimange kabawuti kake, ndituluke nayo pakhomo kuti ndikaione padzuwa, ndibwerere, ndiseme pang'ono, nditulukenso. Ikamakwana 4 koloko madzulo, makamaka mu Juni ndi Julayi chiperoni chikaphimba phiri la Bangwe, mutu unkalemera ndipo khosi linkauma ngati ndasenza mtolo wa nkhuni.

Amene anaona choopsa ndi mayi a kunyumba. Tsiku lina atabweretsa madzi akumwa anaima pakhomo, anadikira mpaka makina ataima, kenaka anati, "Abambo, kodi chitsulocho mukufuna kuchinunkhiza?" Tinaseka, koma nkhani yake sinali yosekera. Munthu amene sakuona bwino amayandikira osadziwa. Pa buku palibe vuto. Pa lathe, pafupi ndi nkhope yako pamakhala pakuzungulira chuck, chigwiriro cholemera cha mano atatu kapena anayi chimene chimagwira chitsulo, ndipo nyenyeswa zotentha zimathetheka kuchokera pamenepo. Ana athu awiri amene ali pantchito ku Lilongwe atamva, anayamba kuyankhula zopuma. Ankanena mwaulemu, mozungulira, koma tanthauzo linali loti lathe igulitsidwe. Ine manja anga anali akadali olimba, ndipo mwana wa mlongo wanga amene ndikumuphunzitsa ntchito anali asanafike poima payekha.

Ndinayamba ndi kuchipatala, ndipo aliyense amene ali ndi vuto longa langa ayambire kumeneko, chifukwa nyali sichiza ng'ala, sichiza matenda a shuga, sichizanso matenda aja amene amadya maso mobisa chifukwa cha kuthinana kwa madzi a m'diso. Anandiyeza zonsezi n'kupeza kuti maso ndi abwino, angokalamba basi. M'kati mwa diso muli kagalasi kofewa kamene kamasintha maonekedwe kuti tione zapafupi ndi zakutali. Munthu akapitirira zaka 40 kagalasiko kamayamba kuuma, n'chifukwa chake akuluakulu amawerenga kalata atatambasula mkono. Kamayambanso kuchita chikasu, mboni ya diso nayo imachepa, moti kuwala kofika m'kati mwa diso la munthu wa zaka 60 kumakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kumene kumafika m'diso la mnyamata wa zaka 20. Ine ndi mwana wa mlongo wanga timaima pa makina amodzi, pansi pa getsi limodzi, koma iye ali masana pamene ine ndili kachisisira.

Anandipatsa mandala owerengera. Anathandiza, koma sanamalize nkhani. Kugwira ntchito pa malo osawala bwino sikuwononga diso, koma kumalitopetsa, kumabweretsa mutu, ndipo kumakukokera nkhope pafupi ndi ngozi. Kuwala kokwanira kumachitanso china chimene ambiri sachidziwa: kumachepetsa mboni ya diso, ndipo mboni ikachepa zinthu zapafupi zimaoneka zakuthwa, monga momwe munthu amaonera bwino akasuzumira pa kabowo kakang'ono.

Kuwala kumene kukugwera pa chinthu amakuyeza mu lux. Padzuwa la masana pamafika lux 100,000. Muyezo wa ku Ulaya wa kuwala kwa malo a ntchito, wotchedwa EN 12464, umati posema zitsulo mwachisawawa pafunika lux 300, posema zofuna kulondola kosakwana 0.1 ya milimita pafunika 500, ndipo pojambula mizere pa chitsulo ndi poyendera ntchito pafunika 750. Mafoni ambiri a masiku ano ali ndi kadiso koyeza kuwala, ndipo mwana wa mlongo wanga anaika pulogalamu yake pa foni. Si chida cholondola kwenikweni, koma chimapereka chithunzi. Titaika foniyo pamene pamakhala mpeni, madzulo, getsi lakudenga likuyaka, sinafike ngakhale pa 60. Nditaima mmene ndimaimira pogwira ntchito, nambala inatsikanso, chifukwa mutu wanga ndi mapewa zinatchinga getsilo.

Apa ndi pamene anthu ambiri amathamangira kukagula babu lalikulu. Koma kuwala kuli ndi lamulo lake: mukachepetsa mtunda ndi theka, kumachuluka kanayi. Nyali imene ili mamita awiri kuchokera pa ntchito mukaibweretsa pa masentimita 30, kuwala kumachuluka kuposa ka 40. Kuti mupeze zomwezo kuchokera kudenga mungafunike mababu odzaza dengu, ndipo mthunzi wa mutu wanu ungakhalebe pomwepo. Chofunika si getsi lamphamvu, koma kanyali kakang'ono kokhala pafupi, kumbali kumene thupi lanu silikutchinga.

Ku fakitale kuja makina alionse anali ndi nyali yake, ya mkono wopindika, yomangidwa pa thupi la makinawo. Nyali zotere zilipo mpaka lero, koma kuitanitsa imodzi kuchokera ku Johannesburg ndi ndalama imene ndingagulire mipeni ya chaka chathunthu. Chimene ndinakumbukira za nyali zija n'chakuti sizinkayendera magetsi a pakhoma. Zinali ndi kathiransifoma kotsitsa mphamvu kufika pa mavolti ochepa. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Magetsi a m'nyumba zathu ndi mavolti 230. Lathe ndi chitsulo chokhachokha, pamakhala mafuta ndi madzi oziziritsira mpeni, pansi pamanyowa, ndipo nyenyeswa zazitali zopotana zimadula ngati lezala. Nyenyeswa imodzi ikacheka waya wa mavolti 230, makina onse amasanduka msampha. Ikacheka waya wa mavolti 12, fyuzi imapsa, nkhani yathera pomwepo. N'chifukwa chake nyali ya pa tebulo yowerengera, ngakhale ili yotsika mtengo ndipo mkono wake ndi wabwino, sindinaiganizire n'komwe.

Pali chifukwa chachiwiri chimene ndimachiopa kuposa choyambacho, chifukwa sichioneka. Magetsi athu amasinthasintha mbali ka 50 pa sekondi, ndipo pa kusintha kulikonse mphamvu imafika pa ziro kawiri. Getsi la chubu lachikale lija, ndi mababu ena a LED otchipa, amazima ndi kuyaka ka 100 pa sekondi, kapena kuti ka 6,000 pa mphindi. Diso silizindikira. Koma chinthu chozungulira chikamawalitsidwa ndi kuwala kophethira chotere, diso limangolandira zithunzi zodukizadukiza, ndipo ubongo umazilumikiza molakwika.

Mota ya makina anga oboolera imazungulira pafupifupi ka 1,450 pa mphindi, ndipo pule yake ili ndi mabowo anayi. Pakati pa kuphethira kumodzi ndi kunzake, puleyo imayenda pang'ono kusakwana gawo limodzi mwa magawo anayi a mzungulo, moti bowo lililonse limafika pafupi ndi pamene panali linzake, kungotsalira pang'ono. Zotsatira zake, pansi pa chubu puleyo imaoneka ngati ikubwerera m'mbuyo mwaulesi, kosakwana kamodzi pa sekondi, liwiro loti mwana angaganize zoigwira ndi dzanja. Mwana wa mlongo wanga ndinamuonetsa zimenezi madzulo ena, nditatsegula chivindikiro cha lamba, iye ataima patali manja ali kumbuyo. Anayang'ana kwa nthawi n'kufunsa kuti, "Amalume, mwaizimitsa?" Inali ikuthamanga ndi mphamvu zake zonse. Masiku onse khutu ndi limene limatiuza kuti makina akuyenda, koma girayinda ikamalira pambali, kapena mvula ikamagunda pa malata, khutu silithandiza.

Kuwala kochokera ku batire sikuphethira, chifukwa mphamvu ya batire imayenda mbali imodzi mosadukiza. Choncho ndinkafuna nyali ya mavolti 12, yaing'ono, yosaopa fumbi, mafuta ndi kugwedezeka, yopezeka pafupi. Ndinaipeza pa njinga za kabaza. Tinyali tating'ono ta LED timene anyamata amamangirira kutsogolo kwa njinga zamoto tinapangidwira msewu wa mabampu ndi mvula, thupi lake ndi la aluminiyamu, ndipo tili kale ndi kaphazi ka bowo la bawuti. Ku Limbe, m'masitolo a zipangizo za njinga zamoto, n'tambirimbiri. Kanga ndinakagula pa mtengo wosafika wa nkhuku ziwiri zachikuda.

Pogula pamafunika kuleza mtima, chifukwa tinyaliti si tofanana. Tambiri tili ndi mayakidwe atatu: kuwala kwambiri, kuwala pang'ono, ndi kuthwanima ngati galimoto ya apolisi, ndipo timasintha nthawi iliyonse mukazimitsa n'kuyatsanso. Totere ntosayenera pa makina. Kuthwanimako n'koonekeratu kuipa kwake, koma kuwala pang'ono kuja nako n'kwachinyengo, chifukwa nthawi zambiri kanyaliko kamakupanga pozima ndi kuyaka mofulumira kwambiri, ndiye kuti vuto la chubu lija labwerera pakhomo lakuseri. Ndinapempha wogulitsa kuti alumikize kalikonse ku batire. Kenaka ndinkagwedeza pensulo mofulumira kutsogolo kwa kuwalako. Kuwala kukakhala kokhazikika, pensulo imaoneka ngati chifunga chimodzi chosalala. Kukakhala kophethira, mumaona mapensulo angapo ondandalikana ngati mano a chipeso. Kamera ya foni nayo imaonetsa mizere yakuda yoyenda. Wogulitsayo anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu, koma pa tinyali tisanu tinapeza kamodzi ka mawaya awiri okha, koyaka mtundu umodzi, ka mawati pafupifupi asanu.

Nyali ya pamsewu inapangidwa kuti iponye kuwala patali, ndiye pa masentimita 30 imapanga kadontho koyera kothobwa m'maso, makamaka pa chitsulo chosemedwa kumene chimene chimanyezimira ngati kalilole. Ndinadula kachidutswa ka pulasitiki yoyera ya botolo la mkaka n'kukaika kutsogolo kwa diso la nyaliyo, ndipo kuwala kunafalikira mofewa pa malo okula ngati mbale ya nsima. Pulasitiki payokha singakhalitse, nyenyeswa zotentha zingaiboole tsiku limodzi, choncho kunja kwake ndinaikako galasi loyera lija limene timaika kutsogolo kwa chipewa chowotcherera. Ndi lotchipa, ndipo likachita zipsera mumangosintha. Kumbuyo kwa nyali, kumene kuli timizere ta aluminiyamu, sindinakutireko kanthu. LED sitentha kutsogolo ngati babu lakale limene linkawotcha dzanja ukaligunda, koma kumbuyo kwake kumafuna mpweya, ndipo mukakutseka moyo wake umafupika.

Nthawi yambiri inathera pa mkono. Nyali yabwino yokhala pa mkono woipa ndi chinthu chokwiyitsa: mumailozetsa pa mpeni, makina akangoyamba kunjenjemera iyo yawerama ngati mpendadzuwa madzulo. Ndinadula zitsulo ziwiri zafulati, chilichonse chotalika masentimita 25, n'kuzilumikiza ndi bawuti ngati chigongono. Chinsinsi chili pa zimene mumaika pakati pa zitsulozo. Chitsulo pa chitsulo chimakhala ndi makhalidwe awiri okha, kuuma gwa kapena kugwedera. Ndinadula mawashala kuchokera ku lamba wakale wa chikopa n'kuwaika pakati, ndipo chigongonocho chimayenda ndikachikankha ndi dzanja limodzi, n'kuima pamene ndachisiya. Mphira wa chubu cha njinga nawo umagwira, koma mafuta amaufewetsa m'kupita kwa nthawi. Manati ndinaika aja okhala ndi kapulasitiki m'kati, amene samasuka okha ndi kunjenjemera. Manati awiri omangidwa mothinana amagwiranso ntchito yomweyo.

Kumapeto, pakati pa mkono ndi nyali, pankafunika khosi lopindika mbali iliyonse. Ndinapota pamodzi mawaya atatu okhuthala a kopa, otalika ngati chikhatho, n'kuwalowetsa m'kapaipi ka mphira ka petulo. Khosi limeneli limapindika ndi zala ndipo limakhala mmene mwalisiyira. Kopa akapindidwapindidwa amauma n'kuthyoka, choncho ndimayembekezera kulisintha pakapita nthawi, koma ndi ntchito ya mphindi khumi.

Pomangirira ndinaganiza masiku awiri. Pakhoma sipanjenjemera, koma mpeni wa lathe umayenda, ndipo posema shafuti yaitali ukanatuluka m'kuwala ntchito ili pakati. Ndinamanga tsinde la mkonowo kumbuyo kwa ngolo imene imanyamula mpeni, pamene panali kale bowo la ulusi, kuti nyali iziyenda limodzi ndi mpeniwo. Imaunika kuchokera kumbuyo, m'mwamba pang'ono, chakumanja, kutali ndi chuck. Ndinayesa mkono ndi makina ozimitsa, kuukankhira mbali zonse, kuyendetsa ngolo mpaka kumapeto konse, kuti nditsimikize kuti ngakhale utamasuka sungafike pa mano a chuck. Pamene ndinaona kuti ukhoza kufika ndinawotchererapo kachitsulo kouletsa. Waya ndinaulowetsa m'paipi yakale yothirira maluwa n'kuudutsitsa kumbuyo kwa makina, kutali ndi chilichonse chozungulira. Waya wolendewera pa lathe ndi chimodzimodzi malaya a manja aatali.

Nyali younika kuchokera kumbuyo imafuna chipewa, apo ayi imakulasani m'maso. Kachitini ka nsomba kodulidwa mbali imodzi kanakwanira bwino. Lamulo langa ndi lakuti ndikaima pamalo anga ndizione chitsulo chowala, koma diso la nyaliyo ndisalione.

Batire ndi laling'ono, la 7Ah, longa la njinga yamoto, ndipo limatchajidwa ndi kasola kamene kali padenga. Nyali ya mawati asanu imakoka mphamvu yosakwana theka la ampeya. Pa pepala batirelo lingaiyatse maola 16 kapena kuposa, koma batire la mtovu silifuna kukhuthulidwa kupitirira theka, choncho ndimawerengera maola asanu ndi atatu, amene ndi tsiku lathunthu la ntchito. Fyuzi ya maampeya awiri ndinaiika pafupi penipeni ndi mutu wa batire, chifukwa batire laling'ono lomweli, mawaya ake akagundana popanda fyuzi, limafiiritsa waya n'kuyatsa moto. Lili pa shelefu yam'mwamba pafupi ndi zenera, kutali ndi nthethe za girayinda, popeza batire likamatchajidwa limatulutsa mpweya woyaka. Kumwambako adzukulu safikako. M'batire muli asidi ndi mtovu, ndipo mtovu umawononga ubongo wa mwana ngakhale utakhala wochepa. Batire lakufa si loswa pakhomo kapena kupatsa ana kuti aziseweretsa.

Titayatsa koyamba, foni ija inawerenga kupitirira 1,000 pa nsonga ya mpeni. Nambala ndi nambala, koma chimene ndinaona ndi maso ndi chimene chinandikhazika pansi. Ndinaona kanyenyeswa kakupotana kuchoka pa mpeni, ndi mtundu wake, umene umandiuza ngati liwiro lachuluka. Ndinaona timizere timene mpeni wobuntha umasiya, tisanafike poononga ntchito. Vernier ndinaiwerenga nditaimirira chilili pomwepo, osapita pakhomo. Msana unawongoka wokha, popanda wondikumbutsa.

Phindu lina sindinaliwerengere pachiyambi. Magetsi akazima mwadzidzidzi madzulo, kale chipinda chinkagwa mumdima wa ndiweyani makina akadazungulira. Mwala wa girayinda umapitiriza kuthamanga kwa kanthawi ndithu mphamvu itachoka, ndipo umatero mwakachetechete. Tsopano nyali ya batire imakhalabe ikuyaka, ndimaona pochotsa mpeni ndi poika manja. Ndimaonanso swichi, chimene ndi chinthu chachikulu, chifukwa makina akale ngati anga ali ndi swichi wamba: mukaiwala kuizimitsa, magetsi pobwera makina amadzidzimuka okha, mwina kiyi ali pa chuck kapena mwana ali pafupi.

Getsi lakudenga sindinalichotse, ndipo musalichotse. Kadontho kowala kwambiri m'chipinda chamdima kamatopetsa maso, chifukwa nthawi iliyonse mukacheuka kufuna sipanala mboni imayenera kutseguka, pobwerera itsekenso. Chubu chija ndinachisintha ndi babu la LED limene linapambana mayeso a pensulo. Makoma tinawapaka laimu, ndipo ndowa imodzi ya laimu inawalitsa chipindacho kuposa mmene babu lachiwiri likanachitira. Padenga ndinachotsa lata limodzi n'kuikapo loonekera.

Pali ntchito imodzi imene nyali yangayi siithandiza. Kuwala kwake n'koyera mopita ku buluu, kumene pa makatoni amalemba kuti 6000K kapena 6500K. Pa timizere ta vernier n'kwabwino. Koma ndikamakhwimitsa tchizulo kapena ponchi, ndimadalira mitundu imene imayenda pa chitsulo chopalidwa pamene chikutenthedwa: chikasu cha udzu wouma pa madigiri pafupifupi 230, kenaka kofiirira, kenaka buluu pafupi ndi madigiri 300. Kusiyana kwa tchizulo chabwino ndi chophanuka kapena chofewa kuli pa masekondi ochepa a mitundu imeneyi, ndipo kuwala kwa buluu kumainamiza. Ntchito imeneyo ndimaichitira pakhomo, pamthunzi, masana. Kuwala koyera kotere sikwabwinonso usiku kwambiri, chifukwa kumauza thupi kuti kukadali masana ndipo tulo timachedwa. Nyali yabwino imabwera ndi yesero lake, loti ugwire mpaka 10 koloko poti ukuona. Kwathu mayi akaitana chakudya chamadzulo, swichi imazima.

Kuona bwino sikuteteza diso ku chitsulo. Mandala owerengera si chishango. Ndi otseguka m'mbali ndipo akhoza kusweka. Ndimavala magalasi otetezera aakulu pamwamba pake, ndipo mwana wa mlongo wanga amadziwa kuti popanda ake sayatsa kanthu. Kachitsulo kakalowa m'diso n'kukanirira pa galasi lakunja, kamayamba dzimbiri m'maola ochepa, ndipo dzimbirilo limasiya chipsera. Amisiri anzanga ena amachotsana ndi kamtengo ka machesi, ena ndi maginito, ena mpaka ndi lilime. Musalole zimenezo. Tsukani ndi madzi oyera ambiri, osatikita, ndipo kakapanda kuchoka phimbani disolo n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo.

Nyali yachiwiri ndinaipangira makina oboolera ndi girayinda, ndipo iyi ndinafuna yosamuka. Tsinde lake ndi maginito a sipika yakufa ya wayilesi, amene amamata zolimba pa thupi la makina. Vuto la maginito m'chipinda chosemera zitsulo aliyense angaliganize: pakutha pa sabata amakhala atamera ndevu za utuchi wachitsulo, zobaya zala. Ndinawaika m'kachitini ka pulasitiki ka majarini. Utuchi umamatirira kunja kwa kachitiniko, ndipo ndikatulutsa maginitowo nditaimika kachitini pamwamba pa bini, wonse umagwa wokha. Pa lathe sindiikapo maginito, ndipo vernier ndi micrometer sizifika pafupi nawo, chifukwa chida choyezera chikagwira mphamvu ya maginito chimatola tinyenyeswa pa milomo yake n'kuyamba kunama.

Za kugulitsa lathe sizinamvekenso. Mwana wathu wamkulu atabwera pa tchuthi analowa m'kachipindako, anagwedeza mkono wa nyali uku ndi uku, anafunsa za fyuzi, n'kutuluka osanena kanthu za kupuma. Kuchipatala anandiuza kuti ndizipita kukayezetsa maso chaka ndi chaka, ndipo ndimapita, popeza kagalasi ka m'diso kakupitirirabe kuuma ndipo mandala adzafuna kusinthidwa.

Yachitatu anaitanitsa ndi mayi a kunyumba. Makina awo osokera ndi Singer yakuda yopalasa ndi mapazi, ndipo kulowetsa ulusi wakuda pa singano madzulo kunali kutayamba kufuna mdzukulu. Thupi la makina amenewo ndi chitsulo, choncho maginito aang'ono okutidwa ndi kansalu, kuti asakande maluwa agolide aja, anamata bwinobwino kumbuyo kwa mutu wake. Anakana kuwala kwa buluu, akuti kumasokoneza mitundu ya nsalu ndipo ulusi wofanana m'nyumba umakasiyana panja, ndiye tinafunafuna mpaka tinapeza kababu ka mavolti 12 kolembedwa 4000K. Khosi anafuna lalifupi kuposa langa kuti nsalu isakolemo. Mapini amene kale ankagwera pansi n'kumatibaya kumapazi tsopano amawamata pa maginito omwewo.